Chingwe cha Mfundo cha a Gelesomu

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha miyendo, osati mutu. Ndinali mtsikana wa zaka 19, nditalekeza sukulu pa Fomu 2, ndipo kwathu ku Thyolo kunalibe munda woti ndilime. Achimwene anga anali kalaliki pa boma la Mchinji. Iwowo ndiwo anandilembera kalata kuti kusukulu ina ya pulayimale cha ku Mavwere akufuna mphunzitsi wogwirizira. Pondiperekeza pa siteji ya basi, amayi anangondiuza chinthu chimodzi, chakuti ndikagwiritse ntchitoyo ndi manja awiri chifukwa pakhomo panali kale anthu ambiri odyera mbale imodzi. Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino. Ankatanthauza kuti ndisabwerere.

A Hedi a pasukulupo satifiketi yanga sanaiyang'ane n'komwe. Anandifunsa ngati ndinathamangako pa mpikisano. Nditavomera, anatsegula kabati n'kutulutsa wezulo wadzimbiri ndi pepala limodzi lochokera ku boma.

"Ndiye ntchito mwaipeza, a Misitiresi," anatero. "M'mawa Sitandade 3, masana kalabu ya liwiro. Koma dziwani kuti wogwirizira amachoka ndi kalata imodzi yokha."

Pepalalo linkalamula sukulu iliyonse kukhala ndi kalabu ya ana othamanga, ndipo linali ndi chithunzi cha bwalo la mamita 400 ndi miyeso yake. Aphunzitsi anzanga onse anali atakana, poti masana aliyense ankathamangira ku dimba lake. Anandipatsa ntchito imene galu akanaikana, koma ine ndinailandira ngati mphatso.

Zida kunalibe. Bwalo lenilenilo linali thengo la udzu wofika m'chiuno. Ndinaona kuti ndekha sindingathe, ndiye pa msonkhano wa makolo ndinaimirira n'kupempha thandizo. Ambiri anangondiyang'ana, akuseka kalankhulidwe kanga kakumwera. Koma Loweruka lotsatira kunabwera anthu ndi zikwanje ndi makasu, ndipo mwa iwo atatu anakhala mizati ya kalabuyo mpaka mapeto.

Woyamba anali a Nabanda, mayi wa mawu aakulu, amene anasonkhanitsa amayi anzawo kuti azisunga phulusa la m'makhitchini. Ankalisefa, n'kulisakaniza ndi madzi pang'ono, ndipo tinkalembera mizere ya bwalo m'malo mwa laimu. Wachiwiri anali Che Saidi, Msilamu wa sitolo ya nsalu pa tauni yathu yaing'onoyo. Iwowa anali ndi wotchi ya pamkono yokhala ndi muvi wa masekondi, yokhayo m'dera lonselo, ndipo sankaibwereketsa kwa munthu. Ankabwera nayo okha, n'kuima pa mzere womalizira ngati woweruza milandu. Wachitatu anali a Gelesomu, mlimi wa fodya ndi mtedza amene munda wawo unachita malire ndi bwalo la sukulu.

A Gelesomu anali munthu wosatha kukhala manja ali chete. Ndiwo anatikhomera matabwa awiri pa hinjesi kuti tiziwaombanitsa poyambitsa mpikisano, ndiwo anatidulira nsungwi zopatsirana pa liwiro la anthu anayi, ndiwonso anatuta mchenga pa ngolo yawo kudzadzaza dzenje lodumphira. Anabadwira kuseri kwa malire, kwa amayi awo ku Zambia, ngakhale kuti anakulira kuno n'kukwatira kuno. Kumeneko malire amadutsa pakati pa mabanja, moti nkhaniyi inalibe ntchito masiku onse, kupatula tsiku limene munthu wayambana nawo. Mwana wawo wamkazi, Felesiya, wa Sitandade 7, ndiye anali wothamanga kuposa onse. Anali wowonda, wosalankhulalankhula, ndipo akamathamanga mapazi ake sankamveka.

Tsiku loyeza bwalo ndinapempha tepi kwa a Hedi, iwo n'kuseka. Tepi inali ku boma. Ndipamene a Gelesomu anabwera ndi chingwe chawo cha khonje chobzalira mbewu, chachitali, chokhala ndi mfundo motalikirana mofanana. Mlimi aliyense wolimbikira kumeneko anali ndi chingwe chotero, koma chawo chinali chotchuka chifukwa mizere ya m'munda mwawo inkawongoka ngati yojambula ndi lula.

"Kuchokera pa mfundo iyi kufika pa inzakeyi ndi mita imodzi?" ndinafunsa.

"Ndendende, a Misitiresi. Chingwe ichi sichinandinamizepo."

Zinali zaka zija dziko linkachoka ku mayadi kupita ku mamita, ndipo kwa anthu ambiri, ine ndemwe, mita inali dzina latsopano chabe la yadi. Funso langa linathera pomwepo. Tinakhoma zikhomo ziwiri motalikirana mfundo 84. Pa chikhomo chilichonse tinamanga chingwe, n'kuwerenga mfundo 36 ndi theka, ndipo a Gelesomu anazungulira atagwira mtengo wosongoka kulemba makhotolo, mbali zokhota za bwalo. Tinalumikiza mbali ziwiri zowongoka, a Nabanda ndi anzawo akutsatira m'mbuyo ndi zidebe za phulusa. Bwalolo linakwana bwinobwino pa malo a sukulu, khotolo la kummawa n'kuthera mphepete mwenimweni mwa mtedza wa a Gelesomu. Tinkaona ngati Mulungu watiyezera yekha.

Tinaphunzitsa ana miyezi itatu, mvula ikugwa. Lolemba tinkathamanga mtunda wautali m'msewu, Lachitatu tinkabwerezabwereza mitunda yaifupi, Lachisanu tinkatenga nthawi pa wotchi ya Che Saidi. Mvula ikafufuta mizere, amayi ankalembanso. Mwana akalasidwa ndi minga, a Nabanda ankaichotsa ndi pini ya pa duku lawo uku akumukalipira. Ana anafika poti bwalolo ankalidziwa ndi thupi. Felesiya ankadziwa kuti akafika pa chulu cha pakhotolo lomaliza ndiye nthawi yotulutsa mphamvu zonse, ndipo mphamvuzo zinkamuthera ndendende podula ulusi wa pa mzere womalizira.

Lachisanu lina Che Saidi anayang'ana wotchi yawo kawiri, n'kuigwedeza, n'kuiika kukhutu. Felesiya anali atazungulira bwalo m'mphindi imodzi ndi masekondi awiri. Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Apa ndiyenera kuulula tchimo langa. Ine ndinathamangako, ndipo mumtima ndinkadziwa kuti nthawi imeneyo ndi yodabwitsa kwa mwana wopanda nsapato pa bwalo la udzu. Koma ndinkafuna kuti ikhale yoona. Ndinamva kuti ogwirizira ochita bwino amawasankha kupita ku koleji ya uphunzitsi, ndipo ndinaona njira yanga ikutseguka pa miyendo ya mwana wa eni. Ndinalemba kalata kwa bwana woyang'anira masewera ku boma, n'kuika nthawi za ana onse, n'kusaina dzina langa lonse m'munsi.

Yankho linabwera msanga. Bwanayo analemba kuti pa tsiku la mpikisano wa sukulu zonse adzatitumizira lole ya boma, mwayi umene sukulu zina zinaupempha koma osaupeza.

Tsikulo tinanyamuka m'mamawa, ana khumi ndi awiri ndi makolo asanu ndi mmodzi, aliyense wamkulu atasunga khadi la chipani m'thumba. A Nabanda ananyamula chigubu cha thobwa. A Gelesomu anakoleka chingwe chawo paphewa, akuti mwina kumeneko kukafunika chotchingira anthu. Ana ankaimba njira yonse.

Titatsika, Felesiya anaima n'kuyang'ana bwalo la pa boma nthawi yaitali.

"A Misitiresi, bwaloli ndi lalikulu," anatero.

Ndinamuuza kuti ndi mantha chabe, bwalo lachilendo limaoneka choncho. Koma nanenso maso anga ankaona zomwezo.

Mipikisano ya mamita 100 inayamba. Anyamata anga ankanyamuka bwino, n'kutsogola, koma cha kumapeto ankangofooka ngati wina wawakoka malaya. Woyamba anapitiriridwa, wachiwiri chimodzimodzi, wachitatu anachita kutembenuka kufunafuna ulusi pamalo pomwe panalibe ulusi. Pofika nthawi yopuma masana tinalibe ngakhale mwana mmodzi wopambana, ndipo aphunzitsi a sukulu zina ankandifunsa mokuwa ngati lole ija inali yodzaonerera.

A Gelesomu anapsa mtima. Anthu atabalalika kukadya, anatambasula chingwe chawo m'mbali mwa mzere wa mamita 100 n'kuyamba kuwerenga mfundo. Anabwera akuwefuka, nkhope ikuwala ngati munthu amene wagwira mbava.

"Akutibera, a Misitiresi! Mfundo 109. Bwalo lawoli analitalikitsa dala!"

Che Saidi anatenga chingwecho, n'kugwira mfundo imodzi pamphuno, inzake n'kuitambasulira kunsonga ya zala, monga amachitira ogulitsa nsalu. Anabwereza kachiwiri. Kenaka anachibweza mwaulemu ndi manja awiri.

"A Gelesomu, achimwene anga, iyi ndi yadi," anatero motsitsa mawu. "Ine m'sitolo ndili ndi mitengo iwiri, wa yadi ndi wa mita. Wa mita ndi wautali ndi zala zinayi. Bwenzi mutandifunsa."

Palibe anawafunsa. Miyezi itatu yonseyo mtengo wa mita unali pa kauntala, mtunda woyenda mphindi khumi kuchokera kusukulu. Safunsa anadya phula, ndipo phula la tsiku limenelo ndinalidya ine. Ndinawerengera pansi ndi chala. Bwalo lathu linali loperewera ndi mamita 34. Nthawi zonse zimene ndinasainira m'kalata ija zinali zabodza.

A Gelesomu anakhala pansi padothi, chingwe chili pamiyendo. Ine ndinkafuna kulira, ndinkafuna kuthawa, ndinkafuna mvula yamatalala igwe mpikisano uthe. Kumwamba kunali kuli mbee. Ndinaganiza zopita kwa bwana uja kukaulula nthawi isanathe, koma nditayandikira msasa wa alendo ndinapeza a tcheyamani a chipani atafika kale, atakhala pampando wa patsogolo, anyamata awo a malaya ofiira ataima kumbuyo. Bwana wa masewera uja anali atagwira chimkuzamawu, akulengeza kuti lero anthu aona mwana wa ku Mavwere amene adzachititse manyazi a ku Lilongwe. Anatchula dzina la Felesiya, anatchula nthawi yake, anatchulanso dzina langa. Anthu anaomba m'manja. Ndinabwerera m'mbuyo ngati nkhuku yonyowa.

Ndinamukokera Felesiya pambali n'kumugwira mapewa. Ndinamuuza kuti bwaloli ndi lalitalidi, asunge mphamvu, asanyamuke pa khotolo lomaliza monga amachitira kwathu, adikire mpaka njira itawongoka. Anagwedeza mutu kuvomera. Koma zimene thupi laphunzira miyezi itatu sizichoka ndi mawu a mphindi imodzi.

Mfuti yoyambitsira italira, mwanayo analiyatsa liwiro. Pofika theka la bwalo anali atawasiya anzake kutali, anthu atadzuka m'mipando. Ine ndinkakuwa kuti "Dekha! Dekha!" koma mawu anga anamira m'nthungululu. Atalowa m'khotolo lomaliza ndinamuona akutsitsa mutu n'kutulutsa mphamvu zonse, pamalo pomwe kwathu pakanakhala chulu chija. Anathamanga mokongola kwambiri mpaka pamene bwalo la kwathu likanathera. Pamenepo miyendo inakana. Anayamba kudzandira, manja akupalasa mphepo, ulusi uli patsogolo pake poonekera. Mtsikana wina anamupitirira, kenaka wachiwiri, kenaka wachitatu. Anagwa ndi maondo, n'kudzuka, n'kumaliza akuyenda. A Nabanda anathamangira m'bwalo n'kumufunditsa chitenje.

Sipanapite nthawi, mnyamata wa malaya ofiira anabwera kudzanditenga. Mu msasa muja bwana wa masewera anali atagwira kalata yanga. Nayenso anali ndi mantha, ndinaona.

"Mwanamiza boma, mayi," anatero. "Mwandinamizitsa ine pamaso pa a tcheyamani."

Ndinagwada n'kufotokoza za yadi ndi mita, mawu akutuluka modukaduka. A tcheyamani anamvetsera akutokosa m'mano. Nditamaliza anafunsa mofatsa, ndipo kufatsako ndi kumene kunandiopsa.

"Chabwino. Nanga anayeza bwalolo ndani? Paja timamva kuti kumalireko kuli anthu ena obwera amene amalowerera za sukulu zathu."

Amene sanakhale ndi moyo masiku amenewo sangamvetse kulemera kwa funso limeneli. Munthu wobadwira kunja akatchulidwa kuti wachititsa boma manyazi, ankatha kukwezedwa galimoto tsiku lomwelo, munda ndi ana n'kutsala. Ndipo a tcheyamani ankandipatsa khomo lotulukira. Ndikanangotchula dzina limodzi, ine ndikanakhala mtsikana wachilendo wosocheretsedwa ndi munthu wa ku Zambia, ntchito yanga n'kupulumuka. Sindinama, dzinalo linafika pamilomo. Ndinaganiza za amayi pa siteji ija. Ndinaganiza kuti ndi zoona ndithu, chingwe chinali chawo, ndipo ndiwo anati ndendende.

Nditatembenuza maso ndinawaona a Gelesomu ataima padzuwa kunja kwa msasa, chipewa chili m'manja, chingwe chija chikadali paphewa. Sanachibise n'komwe. Ankasuntha pang'onopang'ono kuyandikira, ndipo ndinazindikira kuti akubwera kudzadzipereka okha.

"Ndine, bwana," ndinatero mokweza kuti nawonso amve. "Ndinayeza ndine."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chingwe chobwereka. Sindinafunse kuti ndi cha muyeso wanji."

Bwana wa masewera anapumira m'mwamba. Wolakwa anali atapezeka, ndipo anali wogwirizira, munthu wosavuta kuchotsa. A tcheyamani anandiyang'ana kanthawi, kenaka anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Nditatuluka ndinapeza Che Saidi atawagwira a Gelesomu pamkono mwamphamvu, akuwakokera kumene kunali lole.

Kalata inafika patatha sabata. Ntchito yanga inkatha potsekera teremu, kutatsala masabata atatu. A Hedi anandipatsa osandiyang'ana kumaso. Ndinadzitsekera m'kalasi n'kulira mpaka mutu kuwawa, ndipo sindinali kulira mwaulemu ayi. Ndinatukwana chingwe, ndinatukwana mwini wake, ndinadzitukwana ndekha chifukwa cha pakamwa panga. Ubwino umene ndinachita mu msasa muja sunanditonthoze ngakhale pang'ono. Ndinkangoona sutikesi yanga ikulowanso pakhomo pa amayi.

Loweruka m'mawa ndinamva phokoso la makasu. Nditatuluka ndinapeza Che Saidi atagwada paudzu ndi mtengo wawo wa mita, sitolo ataitseka, akuyeza mita imodziimodzi, a Nabanda akuwerenga mokweza n'kumakhoma timitengo. Bwalo loona silikanakwana pa malo a sukulu. Khotolo la kummawa linkalowa m'munda wa a Gelesomu. Ndipo a Gelesomu anali momwemo, akuzula mtedza wawo wosakhwima, mzere ndi mzere, n'kumauponya pambali. Unali utatsala mwezi umodzi kuti ukololedwe.

Ndinathamanga kukawaletsa. Ndinawauza kuti ine ndikuchoka, kalabu yatha, asaononge chakudya cha ana pachabe.

"Mukuchoka ndinu, a Misitiresi," anatero osaweramuka. "Anawa sakuchoka."

Lachisanu lomaliza tinatenga nthawi pa bwalo latsopanolo. Felesiya anazungulira m'mphindi imodzi ndi masekondi asanu ndi anayi. Che Saidi sanagwedeze wotchi. Inali nthawi wamba, yosayenera lole ya boma, koma mwanayo anadula ulusi ali chiimire.

Tsiku lonyamuka a Gelesomu ananditengera sutikesi pa ngolo mpaka pa msewu waukulu. Basi itaonekera patali ndipamene anatsegula pakamwa.

"Munanama chifukwa cha ine, mwana wanga."

Ndinawauza kuti sindinaname. Ndinaliganizira kwambiri funso la a tcheyamani m'masabata atatu aja, ndipo ndinapeza kuti yankho langa linali loona kuposa mmene ndinkadziwira polinena. Iwo anabweretsa chimene anali nacho, monga a Nabanda anabweretsa phulusa. Woyenera kufunsa kachiwiri, woyenera kuyenda mphindi khumi kukabwereka mtengo wa mita, woyenera kukayikira nthawi yokoma mopitirira, anali amene anasaina kalata.

Ndinakhala pakhomo pa amayi zaka ziwiri zowawa, ndikuthyola tiyi, ndisanapeze malo ku koleji. Pambuyo pake ndinaphunzitsa zaka zambiri, ndipo sukulu iliyonse imene ndinapitako ndinayendetsa kalabu ya liwiro ndi thandizo la makolo, chifukwa popanda iwo palibe kalabu. Kholo likabwera ndi khasu, ndi ngolo, ndi chingwe, ndimalandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Likachoka, ndimatulutsa tepi yanga m'chikwama n'kuyezanso ndekha. Aphunzitsi anzanga ankandiseka kuti ndimayenda ndi tepi ngati telala. Iwo sanamuone Felesiya akupalasa mphepo, ulusi uli patsogolo pake mamita 34.